Dzina limodzi, anthu asanu: ndiwalekanitse bwanji polemba mbiri ya banja?

Mdzukulu wa ku Kapata, Chipata

Akuluakulu, moni nonse. Ndayamba kulemba mbiri ya banja lathu kuti ana adzadziwe kumene tinachokera, koma nkhani ya mayina yandiimitsa. Ife ndife a Phiri. Kwawo kwa amai ndi kwa Kawaza ku Katete, kwawo kwa atate ndi kwa Nzamane. Pali dzina limodzi, tingoti Yohane, limene likutuluka kasanu. Pali Yohane amene akuti anapita ku Halale (Zimbabwe ya lero) osabwerera, Yohane amene anali mfumu ya mudzi, Yohane amene akuti ali m'buku la ubatizo ku mishoni, wina amene NRC yake yakale (kadi ya boma yozindikiritsa munthu) tili nayo m'sutikesi, ndi wina amene ali moyo. Onsewa chiwongo ndi Phiri. Achikulire ena akuti wa ku Halale ndi wa ubatizo ndi munthu mmodzi, ena akukana. Ndikawerenga zaka, mfumu ija ikuoneka ngati inalamulira zaka zoposa 100, zimene sizingatheke.

Chinanso, pa Facebook pali a Phiri a ku Mchinji amene akuti ndife amodzi chifukwa nawonso ali ndi agogo a dzina lomweli. Ndingatsimikize bwanji? Ndiyambire pati, ndifunse ndani, ndipo mapepala amene angandithandize ndi ati?

Amai a ku Katete

Mdzukulu wanga, mwachita bwino kuyamba achikulire akalipo. Choyamba, chiwongo si umboni wa chibale. Phiri, Banda, Mwale, Mbewe, Tembo ndi mafuko akuluakulu amene afalikira ku Zambia, Malawi ndi Mozambique. Phiri wa ku Chadiza ndi Phiri wa ku Kasungu angapatsane moni wa pachibale ndi kuthandizana pamaliro, koma magazi awo osakumana ngakhale mutabwerera mibadwo khumi.

Ndiye kuno kwathu chiwongo chili ndi njira ziwiri, ndipo apa ndi pamene ambiri amasokonezeka. Mwa Achewa munthu ndi wa kwa amake. Mbumba, munda, ufumu, zonse zimatsata bele. Koma dzina limene timalemba kusukulu ndi pa NRC masiku ano ambiri timatenga la atate. Choncho munthu angalembedwe Phiri pa pepala pamene bele lake ndi la a Banda. Kwa munthu aliyense funsani mafunso awiri: chiwongo chake n'chiyani, ndipo anayamwa bele la yani. Funso lachiwirilo ndilo limalekanitsa anthu.

Chifukwa chake ndi ichi. Mwamuna wamitala angakhale ndi ana aamuna awiri a dzina limodzi, wina m'nyumba iyi wina m'nyumba iyo, onse atatchedwa dzina la agogo awo. Abale atatu angatchenso ana awo achisamba dzina la atate awo, nkukhala ndi ana atatu a msinkhu umodzi, dzina limodzi, chiwongo chimodzi, mudzi umodzi. Atate ndi dzina sizikuthandizani pamenepo. Koma mai mmodzi sakhala ndi ana awiri amoyo a dzina limodzi. Mukapeza dzina likubwera kawiri pa mai mmodzi, funsani ngati woyambayo anamwalira ali wakhanda dzina nkupatsidwa kwa wotsatira.

Gulani kope lachikuto cholimba. Munthu aliyense mumpatse tsamba lakelake ndi nambala yake, ndipo nambala ikaperekedwa isaperekedwenso kwa wina, ngakhale mutazindikira kuti masamba awiri ndi a munthu mmodzi. Zikatero mungolemba pamwamba kuti 12 ndi yemweyo 7. Musalembenso "Yohane" payekha pena paliponse. Muzilemba "Yohane 7, mwana wa Nabanda 3". Pa tsambalo pakhale amake ndi chiwongo chawo, atate ake, mudzi umene anabadwira ndi mfumu yaikulu ya deralo, amene anakwatirana naye, ana ake motsatana, ndi manda amene anagona. Mayina ake onse alembedwe: la paubwana, limene anapatsidwa atakula kapena atavinidwa, la ubatizo, la kuntchito, ndi lotchulira mwana monga "atate ake a uje". Amai achikulire ambiri amadziwika ndi chiwongo chokha, Naphiri, Nabanda, Nambewe, kapena Nyaphiri ngati ndi cha ku Lundazi, ndipo mudzi umodzi ungakhale ndi a Naphiri asanu ndi mmodzi. Muumirire kufunsa dzina lawo lenileni. Zimene mwangomva kwa munthu mmodzi lembani ndi pensulo, ndi dzina la amene wakuuzani ndi tsiku lake m'mbali. Bolopeni ndi ya zimene zatsimikizidwa ndi anthu awiri amene sanauzane, kapena munthu mmodzi ndi pepala.

Samalani ndi mawu a chibale. "Amai" ndi amene anakubalani komanso akulu ndi ang'ono awo onse. "Atate" chimodzimodzi. "Ambuya" ndi aliyense wa m'badwo wa agogo. Wina akati "anali mbale wake", bwezani funso: mimba imodzi? Akati ayi, funsani amene anali a mimba imodzi, amai awo kapena agogo awo. Msuweni yekha ndiye mawu amene amakuuzani zoona msanga, chifukwa ndi mwana wa amalume kapena wa mlongo wa atate, osati wa amai aang'ono.

Ofunsa oyamba akhale amai achikulire a m'mbumba, chifukwa ndiwo anali m'chikuta ana akubadwa. Kenako atsibweni, mwini mbumba, amene anali nkhoswe pa maukwati. Kenako adzukulu okumba manda, amene amadziwa kuti wagona apa ndi uje, pambali pa uje. Kumandako musapite nokha. Pemphani kwa amfumu ndipo akupatseni wokuperekezani, makamaka m'midzi ya gule.

Funsani mmodzimmodzi. Mukawasonkhanitsa pa mphasa imodzi, wamkulu akayankhula ena onse amangoti "ndi momwemo", ngakhale akudziwa zina. Musaike yankho m'kamwa mwa munthu. Mukati "kodi wa ku Halale uja si mwana wa Nabanda?" adzavomera kuti musachite manyazi. Nenani kuti "nditchulireni ana a Nabanda kuyambira wachisamba, wopondana naye, mpaka mzime, ndi omwalira omwe". Mwa njira imeneyi Yohane aliyense adzagwera yekha pamimba pake. Ola limodzi ndi lokwanira, nkhalamba ikatopa imayamba kusakaniza mibadwo. Bwererani mawa lake. Nyengo yabwino ndi Juni mpaka Sepitembala, anthu atakolola, ndipo musapite chimanjamanja. Shuga, mchere ndi sopo n'zokwanira.

Kalaliki wopuma, Petauke

A Phiri, zimene anena amai pamwambapa ndiye maziko. Ine ndiwonjezere za mapepala, chifukwa pepala lililonse lili ndi pamene limanena zoona ndi pamene limasokeretsa.

Yambani ndi NRC muli nayoyo. Makadi amenewa anayamba kuperekedwa mu 1965, dziko litangolandira ufulu, ndipo munthu amatenga akakwana zaka 16. Ndiye ngati Yohane wa ku Halale anachoka nthawi ya atsamunda osabwereranso, NRC imeneyo si yake. Mwachotsapo kale mmodzi. Nambala yake ili m'zigawo zitatu: manambala asanu ndi limodzi, kenako awiri, kenako imodzi. Awiri apakatiwo amasonyeza boma limene kadi inatengedwera, osati kumene munthu anabadwira, ndipo 1 wa kumapeto ndi wa nzika ya Zambia. Chuma chenicheni pa kadipo ndi mizere ya mudzi, mfumu ndi boma. Chaka chobadwa musachikhulupirire kwambiri kwa amene anali akuluakulu kale mu 1965. Ambiri sankadziwa, ndipo wolemba ankangoyang'ana nkhope nkuyerekeza. Ena ankatchula mudzi wa amalume amene anawalera, kapena kutenga chiwongo cha amene ankawalipirira sukulu.

Satifiketi ya kubadwa musaiyembekezere kwa akale. Lamulo lakuti mwana aliyense alembetsedwe ndi la 1973, ndipo ngakhale pambuyo pake ana ambiri a kumidzi sanalembetsedwe. Kadi ya kusikelo imathandiza kuposa pamenepo, chifukwa ili ndi tsiku lobadwa ndi dzina la mai.

Mabuku a mpingo ndiwo amabwerera kutali. A Dutch, amene lero ndi Reformed Church in Zambia, anayamba ku Magwero mu 1899, Madzimoyo mu 1903, Nyanje mu 1905, kenako Nsadzu ndi malo ena. Akatolika anatsegula Kachebere pamalire mu 1903, Minga mu 1923, ndipo pambuyo pake Naviruli, Chassa ndi ena. A Anglican anali ku Msoro. Cholakwa chimene ambiri amachita ndi kupita ku parishi kapena mpingo umene uli pafupi ndi mudzi lero. Mipingo yambiri ya lero inadulidwa kuchokera ku mishoni yakale, ndipo ubatizo wa kunthambi unkalembedwa m'buku la kumishoni. Funsani kaye kuti pa nthawiyo ansembe kapena abusa ankachokera kuti pobwera kumudzi kwanu.

Mukalipeza bukulo, kumbukirani zinthu zitatu. Tsiku la ubatizo si tsiku lobadwa: akhristu oyamba ankabatizidwa ali akuluakulu atatha zaka m'kalasi, ndipo kwa Akatolika zinkafika zaka zinayi. Onani ngati palembedwa kuti ndi khanda kapena wamkulu. Chachiwiri, ansembe akale ankalemba m'Chilatini, ndiye Yohane mudzampeza ali Joannes, Petulo ali Petrus, Yakobo ali Jacobus. Chachitatu, dzina lachiwiri m'mabuku akale nthawi zambiri si chiwongo, ndi dzina la paubwana la munthuyo kapena dzina la atate ake. Mukamafufuza "Phiri" mudzadutsa munthu wanu osamuona. Fufuzani ndi mudzi ndi mayina a makolo. M'mabuku a Akatolika yang'anani m'mphepete mwa mzere, chifukwa munthu akakwatira mu mpingo amalembamo tsiku, malo ndi dzina la mnzakeyo. Kamzere kameneko kangathetse mkangano wanu wa Yohane wa ku Halale ndi wa ubatizo: dzina la mkazi likagwirizana ndi la mkazi amene anasiyidwa pamudzi, ndi munthu mmodzi.

Kalembedwe kasakunyengeni. Phiri ndi Piri, Nkhoma ndi Nkoma, Njovu ndi Njobvu, Jere ndi Jele, Chewa ndi Cewa, zonsezi ndi chimodzi, zimangotengera amene anagwira cholembera. Mayina a malo nawonso anasintha: Chipata inali Fort Jameson, Mchinji inali Fort Manning, Kabwe inali Broken Hill, Harare inali Salisbury, Hwange inali Wankie.

Za mfumu ya mudzi ija, ku National Archives ku Lusaka kuli ma District Notebook a Fort Jameson, Petauke ndi Lundazi, ndi malipoti a maulendo amene ma DC, akuluakulu a maboma a nthawi ya atsamunda, ankayenda m'midzi. Zili m'Chingerezi. Zimatchula mafumu, midzi ndi kusintha kwa maufumu, koma anthu wamba sapezekamo kawirikawiri, choncho musawononge ndalama ya basi pofuna agogo amene sanali pa udindo. Pitani mutadziwa dzina la mudzi, mfumu yaikulu ndi zaka zimene mukufuna. Dziwaninso kuti midzi yambiri ya kuno siili pamene inali. Malo aakulu anali m'manja mwa kampani ya North Charterland, anthu anakankhidwira m'malo opatulidwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1920, ndipo boma litagula malowo mu 1941 midzi yambiri inasamutsidwanso. Mudzi ukagawika, zigawo zonse zimatha kusunga dzina limodzi. Ndiye mudzi wa dzina lomwelo ungapezeke kwa mafumu awiri, ndipo manda akale ali kumatongwe, osati pamudzi wa lero. Maboma nawo anagawidwa: Sinda ndi Vubwi mu 2012, Kasenengwa, Chipangali, Lumezi, Chasefu ndi Lusangazi mu 2018. Pepala lakale likati Chipata, mudziwo lero ungakhale ku Kasenengwa.

Pomaliza pemphani amfumu akuonetseni buku la mudzi. Lamulo la 1971 linalamula kuti mudzi uliwonse ukhale ndi kaundula wa anthu ake. Ena anasunga mabuku akale, ena anadyedwa ndi chiswe. Chilichonse chimene mwaloledwa kujambula, jambulani tsamba lonse ndi chikuto chomwe, osati mzere wanu wokha. Anthu a mizere yoyandikana nawo kawirikawiri ndi abale amene anabatizidwa kapena kulembedwa tsiku limodzi.

Mdzukulu wa ku Kapata, Chipata

Zikomo kwambiri amai ndi atate, ndagula kale kope. Koma mfumu ija ndi ya mbali ya atate, kwa Nzamane, ndipo kumeneko amati ndife Angoni ngakhale chiwongo ndi Phiri. Kodi njira ya bele igwira ntchito kumeneko? Nanga zaka 100 za ufumu zija ndizimasulire bwanji?

Wa ku Mtenguleni

Mwana wanga, mfumu yanuyo si munthu mmodzi. Ndi dzina limene analowa anthu angapo motsatizana. Mfumu ikamwalira, wolowa m'malo amalowa ndi dzina lomwe, ndipo la paubwana limasiya kumveka. Anthu akamati "a Yohane ndiwo anatisamutsa kuchoka kumatongwe, a Yohane ndiwo analandira sukulu, a Yohane ndiwo anagawa chimanga chachikasu", akunena mpando, ndipo pampandopo panakhala anthu atatu kapena anayi. Funsani kuti dzinali analowa anthu angati, ndipo aliyense asanalowe ankatchedwa ndani. Aliyense mumpatse tsamba lake ndi amake ake. Funsaninso kuti wolowayo anali chiyani kwa womwalirayo. Kwa Achewa amalowa mng'ono wa mimba imodzi kapena mwana wa mlongo. Kwa Angoni amalowa mwana wa m'nyumba yaikulu, amene kawirikawiri si woyamba kubadwa mwa ana onse a atate ake.

Pali msampha wina pomwepo. Wolowa dzina amalowanso chibale cha womwalirayo. Ana a malemu amamutcha atate ngakhale ali msuweni wawo kapena mkulu wawo, ndipo kale ankalowanso chokolo. Mai mmodzi angakhale ndi ana asanu ndi awiri "a Yohane", anayi a Yohane woyamba, atatu a amene analowa dzina. Mukaona mpata wa zaka zambiri pakati pa ana, kapena mwana wobadwa patapita zaka atate ake atamwalira, funsani za chokolo, koma mofatsa ndiponso kumbali.

Pa za bele ndisiyane pang'ono ndi amai a ku Katete. Dzina la mai lilembeni ndithu, chifukwa ndilo limasonyeza nyumba. Koma kwa Angoni a Mpezeni mzere umatsata atate, ndipo chimene chimanena kumene mwana ali ndi ng'ombe. Malowolo akaperekedwa, ana ndi a kuchimuna. Akapanda kuperekedwa, ana amatha kukulira kwa amalume nkumawerengedwa kumeneko. Ndiye funso la kuno ndi lakuti: anali wa nyumba iti, ndipo ng'ombe zinachokera m'khola la yani. Akuluakulu amaiwala chaka, koma ng'ombe za malowolo saziiwala, amatchula ndi mtundu wake womwe.

Kukhala Phiri komanso Mngoni si chachilendo. Angoni a Zwangendaba anawoloka Zambezi cha ku Zumbo mu Novembala 1835, tsiku limene dzuwa linadetsedwa, ndipo m'njira monse, kum'mwera ndi kuno komwe, ankatenga anthu a mitundu ina nkuwalowetsa m'nyumba zawo ndi m'magulu a nkhondo. Anthuwo ankasunga ziwongo zawo. N'chifukwa chake pa N'cwala mupeza a Jere, a Zulu, a Soko, a Moyo, a Tembo, a Lungu, a Phiri, a Banda, onse atavala zikopa. Chilankhulo chomwe cha kuno chinatsata amai a Chinsenga. Ndiye Phiri wanu woyamba kwa Nzamane ayenera kuti anachokera kwa Achewa kapena kwa Ansenga, ndipo funso labwino ndi lakuti analowa m'nyumba ya yani, ndipo kwawo kwenikweni ankati n'kuti. Mabanja ena amakumbukirabe mtsinje kapena phiri la kwawoko.

Gwiritsani ntchito zaka ziwiri izi ngati zikhomo: 1835, ndi 1898 pamene Angoni anagonjetsedwa ndi Azungu, Nsingo mwana wa Mpezeni nkuphedwa, ng'ombe zambiri nkulandidwa. Kuchokera 1835 kufika lero ndi zaka pafupifupi 190, ndiye pakhale mibadwo isanu ndi umodzi kapena isanu ndi iwiri. Wina akakuwerengerani mayina anayi okha kuchokera kwa amene anawoloka Zambezi kufika kwa inu, ena adumphidwa, ndipo amene amadumphidwa ndi omwewo a dzina limodzi, agogo ndi mdzukulu atasanduka munthu mmodzi. Pambuyo pa 1898 anthu anabalalika kwambiri, ena kubwerera kwawo kumene anagwidwa, ena kupita kukasaka ndalama ya msonkho, ndiye mizere yambiri imaduka pamenepo.

Ndipo mukamva kuti banja lanu limatuluka m'nyumba ya Mpezeni kapena ya Undi, mfumu yaikulu ya Achewa, lembani ndi pensulo. Mabanja ambiri amatero. Ena ndi oonadi, ena makolo awo anali nduna kapena okhala pabwalo chabe.

Mlongo wanu wa ku Chadiza

Alongo, ine ndikupatseni masamu ake ndi za anthu a kunja.

Poti zaka zolembedwa ndi zochepa, mangani munthu aliyense ku chochitika chodziwika. Chimfine chachikulu cha 1918, nkhondo ya 1939 mpaka 1945, njala ya 1949, Chitaganya kuyambira 1953 mpaka 1963, ufulu mu 1964, kwacha kulowa m'malo mwa paundi mu 1968, chilala cha 1992 ndi chimanga chachikasu. Funso lisakhale "anabadwa liti". Likhale "pa njala ya 49 anali pamsana, ankaweta mbuzi, kapena anali atakwatira?" Mayina enanso amanena okha: Masiye, Maliro, Misozi, Njala, Nkhondo amasonyeza kuti pobadwa mwanayo panali kanthu, ndiye funsani kuti anamwalira ndani kapena inali njala iti.

Kenako yesani ndi masamu. Mai amabala pakati pa zaka pafupifupi 15 ndi 45. Ana opondana kale ankasiyana zaka ziwiri kapena zitatu. Wachisamba ndi mzime a mai mmodzi sasiyana zaka zopitirira 30. Mbali ya amuna njotakasuka, mwamuna wamitala amatha kubala ali ndi zaka 65, ndiye mwana wake wotsiriza angakhale wamng'ono kuposa mdzukulu wake woyamba, onse awiri dzina limodzi. Masamba awiri muwaphatikize pokhapokha amake, mudzi ndi mkazi zagwirizana ndipo palibe chaka chimene munthuyo akupezeka malo awiri. Mukakayika asiyeni olekana. Kuphatikiza mawa n'kosavuta, koma kulekanitsa anthu amene mwawasakaniza kale, ana ndi adzukulu awo atalowana, ndi ntchito ya miyezi.

Za mchona wa ku Halale: mawu akuti Halale akale ankatanthauza Southern Rhodesia yense, mapulazi a fodya, migodi ndi Wankie yomwe, osati tauni yokha. Funsani amene anapita naye, chifukwa ankayenda m'magulu a pamudzi, ndipo amene anabwerako anauza ana awo kumene anamusiya. Funsaninso dzina la kuntchito, poti ambiri kumeneko ankadziwika ndi mayina ngati Foloko, Supuni kapena Sikisipensi, ndipo ana awo ku Zimbabwe ena anatenga dzina loyamba la atate awo kukhala la banja. Makalata akale, chitupa, kapena chithunzi chokhala ndi chidindo cha wojambula kumbuyo zimatchula tauni. Ngati wina anapita ku Migodi, zolemba za ogwira ntchito m'migodi zimasungidwa ku kampani ya migodi ya ZCCM ku Ndola, ndipo nambala yake ya pamgodi ndiyo imalekanitsa anthu a dzina limodzi. Ngati mzere ukuloza ku Mozambique, mayina adzakhala m'kalembedwe ka Chipwitikizi, Yohane ali João. Ena mwa amene anathawa nkhondo kumeneko anakhala ku Ukwimi kuyambira 1987, ambiri nkubwerera cha mu 1994, ena nkukwatira konkuno.

A Phiri a ku Mchinji aja angakhale abale enieni, malire anadula midzi ndi mabanja pakati. Koma musayambe ndinu kuwauza zimene mukudziwa. Apempheni atchule amake a agogo awowo, mudzi, mfumu, ndi abale a mimba imodzi motsatana. Inu muyerekeze ndi kope lanu. Dzina ndi chiwongo zokha si kanthu. Dzina la mai, mudzi ndi abale awiri zikagwirizana, konzani ulendo wa pa malire a Mwami mukakumanitse achikulire a mbali zonse. Chithunzi cha NRC ya munthu wamoyo musachiike pa Facebook kapena m'gulu la WhatsApp.

Ena adzakuuzani za DNA, njira ya sayansi yoyezera chibale. Ili ndi malire ake. Mwana amagawana theka ndi kholo lake, pafupifupi 25 peresenti ndi agogo, pafupifupi 12.5 ndi msuweni, pafupifupi 3 ndi amene agogo awo anali a mimba imodzi, ndipo kupitirira apo imachepa mpaka ena osaonekanso. Pali ina yotsata amuna okhaokha, kuchokera kwa atate kupita kwa mwana wamwamuna, imene ingayese mzere wa kwa Nzamane, ndi ina yotsata amai okhaokha, imene ndi bele lenilenilo. Ingakuuzeni kuti anthu awiri amoyo ndi apachibale, koma singakuuzeni kuti mwa a Yohane asanu kholo lawo ndi uti. Imathanso kuulula za ubereki zimene banja linabisa, ndiye onse oyezedwa adziwiretu zimenezo.

Amai a ku Katete

A ku Mtenguleni anena zoona, kwa Nzamane tsatani nyumba ndi ng'ombe, kwa Kawaza tsatani bele. Mukhale ndi mapepala aakulu awiri a manila, lina la kuchikazi lina la kuchimuna, manambala a m'kope akhale omwewo pa onse awiri.

Chimodzi chimene sichinatchulidwe. Mudzafika pamene nkhalamba idzangoti "zimenezo zisiyeni". Kawirikawiri pamenepo pali kholo limene linabwera ngati kapolo kapena chikole cha mlandu, mwana wa kunja kwa ukwati, kapena mudzi umene unagawika chifukwa cha kunenerana ufiti. Musakakamize, ndipo chimene mwauzidwa mwachinsinsi chikhale m'kope lina losaonetsa gulu. Nenaninso poyera kuyambira tsiku loyamba kuti simukufuna munda kapena ufumu, chifukwa munthu wa m'tauni akafika ndi kope nkumafunsa za mabele, anthu amaganiza za malo ndipo amayamba kukonza mayankho.

Mukamaliza mbali imodzi, dikirani tsiku la chiliza pamene abale asonkhana, mupemphe mpata madzulo ake, muwerenge mokweza mai mmodzimmodzi ndi ana ake. Amene anakhala chete muli awiri amatsutsa akamva dzina la amake laikidwa pamimba yolakwika. Pensulo ndi labala zikhale m'manja. Pambuyo pake chitani fotokope katatu, ina kwa atsibweni ku Katete, ina kwa Nzamane, ina kwa inu, iliyonse m'pulasitiki chifukwa cha chiswe ndi kudontha kwa madenga.